Kuŵerengera Liŵiro Lapakati la Wosambira

Phunziro lathu la lero likukhudza masamu ndi maseŵera pamodzi, ndipo funso lake ndi ili: kodi munthu wophunzira kusambira angadziŵe bwanji kuti thupi lake lili kulimba? Ambiri a inu mudzayankha kuti wolimba ndiye amene wayamba kukhudza khoma pampikisano. Yankho limenelo lili ndi choonadi pang'ono, koma silikwanira. Alipo ana amene amasambira ngati nsomba pa mamita 25 oyamba, koma pofika pa mamita 50 mikono yalema, befu wawagwira, ndipo miyendo yayamba kumira. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. M'madzi mwambi umenewu ndi nkhani ya moyo ndi imfa, pakuti pamtunda munthu wotopa amakhala pansi napuma, koma pakati pa madzi akuya palibe pokhala.

Madzi a kwathu

Inu amene mumakhala ku Chunga, ku Matero, ku George, ku Kanyama ndi ku Chawama mukudziŵa mmene mzinda wa Lusaka umakhalira mvula ikayamba mu November. Ngalande zimadzaza, kamtsinje ka Chunga kamasefukira, ndipo maenje amene anthu anakumbamo miyala ndi mchenga amasanduka maiŵe. Madzi a m'maenje amenewo amaoneka odekha pamwamba, koma m'mbali mwake ndi moterera, pansi pake pali miyala yakuthwa, ndipo kuya kwake palibe amene anakuyesa. Ndiponso madziwo ndi auve: amafalitsa matenda otsegula m'mimba ndi kolera, imene inavutitsa mzinda wathu mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, la World Health Organization, linaŵerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi, ndipo ambiri mwa iwo anali ana ndi achinyamata.

Chotero tisanayambe masamu tigwirizane chinthu chimodzi. Zonse zimene tiphunzire lero ziyenera kuchitikira m'dziŵe losambiramo lomangidwa bwino, pamaso pa mphunzitsi kapena munthu wamkulu wodziŵa kupulumutsa omira. Kumpoto kwa mzinda, m'mbali mwa msewu wa Great North, pafupi ndi bwalo la National Heroes Stadium, kuli malo a maseŵera otchedwa Olympic Youth Development Centre, amene anatsegulidwa mu 2010. Kumeneko kuli dziŵe lotalika mamita 50, muyeso umene umagwiritsidwa ntchito pa maseŵera a Olimpiki. Maiŵe ena a m'masukulu ndi m'makalabu amatalika mamita 25. Manambala aŵiri ameneŵa, 50 ndi 25, muwasunge, pakuti tiwafuna posachedwapa.

Liŵiro lapakati nchiyani?

Munthu sasambira ndi liŵiro limodzi kuchokera poyambira mpaka pomalizira. Poyamba amafulumira, pakati amachepetsa, ndipo kumapeto mwina amakakamiza kapena amafookeratu. Tsono tikafuna nambala imodzi yofotokoza ulendo wonse, timatenga nthaŵi yonse imene watha ndi kuigaŵa mofanana pa mtunda wonse, monga mmene mayi amagaŵira mtanda wa nsima kuti mwana aliyense alandire chimodzimodzi. Nambala imene timapeza ndiyo avereji, ndipo m'phunziro lino tiitcha liŵiro lapakati.

Osambira amaŵerengera liŵiro lawo mosiyana ndi oyendetsa galimoto. Dalaivala amanena makilomita amene akuyenda pa ola limodzi, ndipo nambala ikakula ndiye kuti akuthamanga. Wosambira amanena nthaŵi imene amatha pa mamita 100 alionse, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti wafulumira. Amene amatha mphindi 2 ndi masekondi 30 pa mamita 100 aposa amene amatha mphindi 3. Aphunzitsi, mfundo imeneyi muibwereze kangapo, chifukwa ana anazoloŵera kuti pamayeso nambala yaikulu ndiyo yabwino.

Njira yake ili ndi masitepe anayi

Zofunika ndi zitatu zokha: wotchi yosonyeza masekondi kapena foni ya m'manja, kope ndi pensulo, ndiponso mnzanu woima pambali pa dziŵe. Wosambira sangathe kudziyesa yekha, chifukwa mutu uli m'madzi ndipo kuŵerenga maulendo kumasokonekera munthu akatopa. Mnzanuyo ayambitse wotchi pamene mukuchoka pakhoma, ndipo alembe kamzere kamodzi nthaŵi iliyonse mukakhudza khoma lina. Kuchokera kukhoma limodzi kufika kulinzake tikutcha ulendo umodzi.

Choyamba, pezani mtunda wonse: chulukitsani maulendo ndi kutalika kwa dziŵe. Chachiŵiri, sandutsani nthaŵi yonse kukhala masekondi okhaokha: chulukitsani mphindi ndi 60, kenaka onjezani masekondi otsala. Chachitatu, gaŵani masekondiwo ndi chiŵerengero cha mamita 100 amene ali mumtundawo. Chachinayi, bwezerani yankho lanu ku mphindi ndi masekondi.

Tiyeni tiyese. Tiyerekeze kuti mtsikana wa Giredi 6 wasambira maulendo 6 m'dziŵe la mamita 50, ndipo wotchi yaima pa mphindi 7 ndi masekondi 30. Mtunda wonse ndi 6 kuchulukitsa ndi 50, ndiwo mamita 300. Nthaŵi yonse ndi 7 kuchulukitsa ndi 60, ndiyo 420, kuonjezapo 30, ndiwo masekondi 450. M'mamita 300 muli mamita 100 katatu, chotero tigaŵa 450 ndi 3, ndipo tipeza 150. M'masekondi 150 muli mphindi 2, ndipo patsala masekondi 30. Liŵiro lapakati la mtsikanayu ndi mphindi 2 ndi masekondi 30 pa mamita 100 alionse.

Nanga mtunda ukapanda kugaŵika bwino ndi 100? Musade nkhaŵa. Yambani mwapeza nthaŵi ya ulendo umodzi. Mnyamata wasambira maulendo 5 m'dziŵe lomwelo, ndiwo mamita 250, ndipo watha mphindi 6 ndi masekondi 40, ndiwo masekondi 400. Gaŵani 400 ndi 5 ndipo mupeza masekondi 80 pa ulendo uliwonse. Popeza maulendo aŵiri ndiwo akwanitsa mamita 100, chulukitsani 80 ndi 2. Yankho ndi masekondi 160, kapena kuti mphindi 2 ndi masekondi 40. Dziŵe likakhala la mamita 25, chulukitsani ndi 4 m'malo mwa 2.

Msampha wa kwacha ndi ngwee

Pali mbuna imodzi imene ophunzira ambiri, ngakhale akuluakulu, amagweramo. Amalemba mphindi 7 ndi masekondi 30 ngati 7.30, monga mmene timalembera K7.30, ndiyeno amagaŵa ndi 3 napeza 2.43. Akatero amalengeza kuti liŵiro ndi mphindi 2 ndi masekondi 43. Komatu taona kale kuti yankho loona ndi mphindi 2 ndi masekondi 30. Masekondi 13 onsewo amuchenjerera mtsikana uja popanda chifukwa.

Cholakwika chagona apa: kwacha imodzi ili ndi ngwee 100, koma mphindi imodzi ili ndi masekondi 60 okha. Theka la kwacha ndi ngwee 50, pamene theka la mphindi ndi masekondi 30. Nchifukwa chake sitepe yachiŵiri siyenera kulumphidwa. Sandutsani zonse zikhale masekondi, gaŵani, kenaka bwererani ku mphindi. Amene agwira lamulo limeneli sadzavutikanso ndi masamu a nthaŵi pamayeso a Giredi 7.

Chimene avereji imabisa

Tsopano taonani ana aŵiri amene asambira mamita 200, maulendo 4 aliyense. Woyesa walemba nthaŵi ya ulendo uliwonse payokha.

Mnyamata: masekondi 60, 75, 90 ndi 95.
Mtsikana: masekondi 78, 80, 81 ndi 81.

Phatikizani manambala a mnyamata ndipo mupeza 320. Phatikizani a mtsikana, mupezanso 320. Onse aŵiri atha mphindi 5 ndi masekondi 20, ndipo liŵiro lawo lapakati ndi limodzi, mphindi 2 ndi masekondi 40 pa mamita 100. Kodi tinene kuti ndi olimba mofanana?

Chotsani nthaŵi ya ulendo woyamba pa ya ulendo womaliza. Kwa mnyamata, 95 kuchotsa 60, kusiyana ndi masekondi 35. Kwa mtsikana, 81 kuchotsa 78, kusiyana ndi masekondi 3 okha. Mnyamata anawononga mphamvu zake zonse pachiyambi ndipo wafika kumapeto ali wefuwefu. Mtsikana anagaŵa mphamvu zake mwanzeru, ndipo mutamuuza kuti apitirize mamita ena 100, akhoza kupitiriza. Bwato litagubuduzika pa mtsinje wa Kafue kapena pa nyanja ya Kariba, gombe lili patali, wa chiyembekezo chachikulu pakati pa aŵiriŵa ndi mtsikanayo.

Chotero m'kope mwanu muzilemba manambala aŵiri: liŵiro lapakati, ndiponso kusiyana kwa ulendo woyamba ndi womaliza. Yoyamba ikuuzani mmene mukufulumirira. Yachiŵiri ikuuzani mmene mukupiririra.

Akatswiri amaŵerengeranso chimodzimodzi

Pa maseŵera a Olimpiki, mpikisano wautali koposa wa m'dziŵe ndi wa mamita 1,500, maulendo 30 osapuma. M'mamita 1,500 muli mamita 100 kakhumi ndi kasanu. Chotero munthu wofuna kumaliza mphindi 15 zisanakwane ayenera kukhala ndi liŵiro lapakati losakwana mphindi imodzi pa mamita 100 alionse pa mtunda wonsewo. Kwa zaka zambiri palibe amene anakhoza. Woyamba anali Vladimir Salnikov wa ku Soviet Union, pa maseŵera a ku Moscow mu 1980. Iye anatha mphindi 14 ndi masekondi 58.27. Yesani pa bolodi: 14 kuchulukitsa ndi 60 ndi 840, kuonjezapo 58 ndi 898. Akanatha mphindi imodzi yathunthu pa mamita 100 alionse, akanatha masekondi 900. Anapulumutsa masekondi osakwana aŵiri pa mtunda wonsewo, koma dzina lake likumbukika mpaka lero.

Mu 2024, ku Paris, Bobby Finke wa ku America anasambira mtunda womwewo m'mphindi 14 ndi masekondi 30.67. Gaŵani 870 ndi 15 ndipo mupeza masekondi 58. Pa maseŵera omwewo Pan Zhanle wa ku China anasambira mamita 100 okha m'masekondi 46.40. Mukuona kuti ngakhale pakati pa akatswiri a dziko lonse, wa mtunda wautali amachedwa ndi masekondi pafupifupi 12 pa mamita 100 alionse poyerekeza ndi wa mtunda waufupi. Kumeneko si kufooka ayi, koma kudziŵa kusunga mphamvu. Kwa akazi, Katie Ledecky wa ku America anasambira mamita 1,500 m'mphindi 15 ndi masekondi 20.48 mu 2018, ndipo liŵiro lake lapakati mulipeza nokha pa mafunso a kumapeto.

Dziko lathu la Zambia nalonso latumizapo osambira ku maseŵera a Olimpiki. Jade Howard anapikisana ku London mu 2012 ndi ku Rio de Janeiro mu 2016, Ralph Goveia ku Rio de Janeiro mu 2016, ndipo Tilka Paljk ku Tokyo mu 2021. Wosambira aliyense wofika pamenepo amakhala atatha zaka akuyang'ana wotchi ndi kulemba nthaŵi zake.

Kope la teremu yonse

Nambala imodzi yokha siinena zambiri. Phindu lake limaoneka mukaiika pambali pa ya mwezi watha. Tsegulani tsamba latsopano m'kope, lembani mizere, ndipo pamwamba pake muike mitu iyi: tsiku, mtunda, nthaŵi yonse, liŵiro lapakati, kusiyana kwa maulendo. Tiyerekeze kuti wophunzira wina walemba motere:

Mlungu 1: mamita 200, mphindi 6, liŵiro lapakati mphindi 3.
Mlungu 4: mamita 200, mphindi 5 ndi masekondi 40, liŵiro lapakati mphindi 2 ndi masekondi 50.
Mlungu 8: mamita 200, mphindi 5 ndi masekondi 20, liŵiro lapakati mphindi 2 ndi masekondi 40.
Mlungu 12: mamita 400, mphindi 10 ndi masekondi 40, liŵiro lapakati mphindi 2 ndi masekondi 40.

Wosayang'anitsitsa adzati pakati pa mlungu 8 ndi mlungu 12 mwanayu sanapite patsogolo, popeza liŵiro silinasinthe. Koma onani mtunda. Liŵiro limene kale ankalisunga pa mamita 200 tsopano akulisunga pa mamita 400. Apa mpamene pali ubwino weniweni wa liŵiro lapakati: limatilola kuyerekeza mitunda yosiyana ndi muyeso umodzi. Kulimba kumaoneka m'njira zitatu. Mwina mtunda ndi womwewo koma nthaŵi yachepa. Mwina liŵiro ndi lomwelo koma mtunda watalika. Mwinanso zonse ziŵiri ndi zomwezo koma mwamaliza osatopa monga kale.

Njira yachitatuyi ingathenso kuyesedwa. Mukangotuluka m'madzi, ikani zala ziŵiri pamtsempha wa padzanja, pansi pa chala chachikulu, ndipo ŵerengani kugunda kwa mtima kwa masekondi 15. Chulukitsani ndi 4 kuti mupeze kugunda kwa pa mphindi imodzi. Mukaŵerenga 40, ndiye kuti ndi 160. Pumani mphindi imodzi, kenaka ŵerenganinso. Minofu ikamagwira ntchito imafuna mpweya wabwino wochuluka, umene mapapu amakoka ndipo magazi amanyamula, ndiye chifukwa chake mtima umagunda mofulumira. Munthu akamachita maseŵera kaŵirikaŵiri mtima wake umalimba, numapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, ndipo umabwerera mwakale msanga ntchito ikatha. Pakapita milungu mudzaona kuti nambala yachiŵiri ija ikutsika.

Kuti muyeso ukhale wachilungamo

Wogulitsa pamsika wa ku Matero atamasintha mbale yoyesera tsiku ndi tsiku, ogula sangamkhulupirire. Chimodzimodzi ndi kope lanu. Muziyesa m'dziŵe lomwelo, pakuti m'dziŵe la mamita 25 munthu amadzikankha pakhoma kaŵirikaŵiri ndipo nthaŵi yake imachepako. Muziyesa ndi kasambiridwe komweko, pakuti kusambira chafufumimba moponya mikono kumafulumira kuposa kusambira ngati chule. Ngati mwaima pakhoma kuti mupume, wotchi isaime, ndipo mulembe kuti munapuma kangati. Kuchepa kwa kupumako nakonso ndi chizindikiro cha kulimba. Musayese tsiku lililonse. Kamodzi pa milungu itatu kapena inayi nkokwanira, ndipo masiku enawo akhale ophunzira kupuma bwino ndi kuwongola thupi m'madzi.

Tsiku lina nambala idzakwera m'malo motsika. Mwina simunagone bwino, mwina munabwera ndi njala, mwina madzi azizira monga amachitira mu June ndi July. Musataye mtima, ndipo musafufute nambalayo. Lembani chifukwa chake pambali. Amene wadwala malungo, chifuwa kapena m'mimba asaloŵe m'madzi kufikira atachira, ndipo amene wamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa atuluke nthaŵi yomweyo nauze mphunzitsi.

Mawu kwa aphunzitsi

Masukulu ambiri a m'makomboni mwathu alibe dziŵe, ndipo si kalasi lililonse lingathe kupita kosambira. Phunziroli lisaleke chifukwa cha zimenezo. Yesani mamita 100 pabwalo la sukulu ndi chingwe, khomani zikhomo kumapeto konse, ndipo ana athamange kapena ayende ndawala mamita 400 kapena 600, aŵiriaŵiri, wina akuthamanga wina akulemba. Masamu ake ndi omwewo, ndipo mtima umene walimba pabwalo udzathandizanso m'madzi. Komabe auzeni ana mosabisa kuti kulimba pothamanga sikuphunzitsa munthu kusambira, ndipo manambala abwino m'kope si chilolezo choloŵera m'maenje a miyala.

Musapachike manambala a ana pakhoma mowasanja kuyambira woyamba mpaka womaliza. Mwana aliyense apikisane ndi tsamba lake la mwezi watha. Amene wachoka pa mphindi 4 kufika pa mphindi 3 ndi theka wagwira ntchito yaikulu kuposa katswiri wa m'kalasi amene waima pamodzimodzi, ndipo ayenera kumva zimenezo kuchokera pakamwa panu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mafunso

1. Wophunzira wasambira maulendo 8 m'dziŵe la mamita 25 ndipo watha mphindi 5 ndi masekondi 50. Pezani mtunda wonse ndi liŵiro lake lapakati pa mamita 100.

2. Katie Ledecky anatha mphindi 15 ndi masekondi 20 pa mamita 1,500. Kodi anatha masekondi angati pa mamita 100 alionse? Nanga otsala ndi angati?

3. Mu 2024, ku Paris, Muzala Samukonga wa ku Zambia anapata mendulo ya malo achitatu pothamanga mamita 400 m'masekondi 43.74. Pezani liŵiro lake lapakati pa mamita 100.

4. Ana aŵiri asambira mamita 150. Woyamba watha masekondi 70, 85 ndi 100. Wachiŵiri watha masekondi 86, 87 ndi 88. Ndani wafulumira? Ndani wapirira? Fotokozani yankho lanu.

5. Tchulani zifukwa zitatu zimene sitiyenera kusambira m'maenje odzaza madzi a mvula.

Lembani mayankho m'makope mwanu ndipo muwasonyeze aphunzitsi. Tsalani bwino, ana inu.